Mzere umene ndinafufuta mu kompyuta ya amayi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, zipani zitangochuluka kumene, pamene ofesi ina pa Neno boma inalandira kompyuta yoyendera jenereta. Amayi anga ndiwo ankatayipa makalata pamenepo, ndipo makinawo ankawaopa ngati njoka. Ine ndinali mtsikana wosakhazikika, wa manja oyabwa. Tikaweruka kusukulu ndinkathamangira komweko.

Katswiri wina wa ku Blantyre amene analumikiza kompyutayo anandionetsa fayilo yotchedwa AUTOEXEC.BAT, imene kompyuta imawerenga ikangoyatsidwa. Munali mzere woyamba ndi mawu akuti SET PATH, wouza makinawo malo onse okayang'anako mapulogalamu. Tsiku lina amayi atapita kumsika, ndinaikamo masewera a pa disiki ya mnzanga. Pofuna kuti azitseguka msanga, ndinafufuta mzere uja n'kulemba wanga, wolozera ku masewera okhaokha. Sindinadziwe kuti umangowonjezera kumapeto, zakale n'kuzisiya.

M'mawa mwake pulogalamu ya makalata inakana kutseguka. Amayi anazimitsa kompyuta, anayatsanso, koma ayi ndithu. Mvula inali itawononga msewu, moti katswiri uja sakanatha kufika. Abwana awo ananena poyera kuti mwina mpandowo ukufunika wachinyamata wodziwa makina.

Masiku awiri mtima sunakhale m'malo. M'kalasi sindinkamva kanthu. Ndinkangozungulira ofesiyo, kusuzumira pawindo, kuona amayi akugogoda makina akale otayipira, thukuta lili kamukamu. Tsiku lachitatu ndinaulula kwa amayi.

Sanandimenye. Anangofunsa kuti, "Kodi zimene unafufutazo ukuzikumbukira?"

"Ayi, amayi."

Anatulutsa kabuku kawo ka nyimbo za kwaya. Kumapeto kwake anali atakopera ndi pensulo mizere yonse ya fayilo ija tsiku limene katswiri ankaikonza, ngakhale sankamva tanthauzo lake.

"Khala apa. Ine ndiziwerenga, iwe uzilemba. Usadumphe ngakhale kadontho."

Ndinalemba, tinayatsanso, pulogalamu n'kutseguka. Amayi anagwira ntchitoyo mpaka kupuma.

Lero ndimadyera makompyuta omwewa, ndipo sindisintha mzere uliwonse ndisanakopere wakale. Koma manyazi sanandithere. Ndinkawaseka amayi kuti ndi amantha, pamene ine wodziyesa wodziwa ndinatsala pang'ono kuwachotsetsa ntchito imene inkatidyetsa tonse.