Keyala ya mkamwini

Mkazi wanga atamwalira, ku Mphunzi sanandithamangitse. Ndisawanamizire azilamu anga, anandisudzula mwaulemu. Titakolola anaphika thobwa, anandikhazika pamphasa, mlamu wamkulu n'kunena kuti, "Alamu, mlongo wathu mwamusunga mpaka mapeto. Tsopano ndinu omasuka."

Kumasuka kwa mkamwini ndiko kunyamula chikwama. Ana anga aakazi anatsala komweko, poti mbumba ndi ya amalume awo. Ine ndinabwerera kwa mlongo wanga ku Mayani ndi imvi zangazi. Amati mlendo ndi mame. Ine ndinali mame opusa, amene anafika pomanga nyumba ya malata ndi kubzala mapichesi.

Ntchito yanga ndi yoyendetsa lole, kunyamula mbatatesi ndi kabichi kupita nazo m'tauni. Laisensi yanga itatsala pang'ono kutha, mwini lole anandiuza kuti ndikaikonzetse, ndikasinthiretu ndi keyala yomwe. Keyala yakaleyo inali bokosi la sukulu ya kumudzi kwa mkazi wanga. Ndinazengereza mpaka bwanayo anakwiya. Pamene panali dzina langa ndi mudzi umenewo pamodzi panatsala pa laisensi pokhapo, ndipo sindinkafuna kuti andisudzule kachiwiri.

Ku ofesi ku Lilongwe ndinaima pamzere mpaka miyendo kuwawa. Pakompyuta panali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba.

"Bambo, kwanu n'kuti?" anandifunsa.

"Ku Mphunzi." Pakamwa panayankha pokha, mutu usanaganize.

"Ndiye keyala sitisintha?"

"Musinthe. Ndinasamuka."

"Munasamukira kuti?"

"Kwathu."

Anaseka, osati mwachipongwe. "Iii bambo, kwanu kulipo kungati?"

Mtima unandipsa. Ndinafuna kumufunsa ngati iye anaikapo munthu m'manda, ngati anatsekapo chitseko cha nyumba yomanga yekha n'kupereka kiyi kwa eni mudzi. Koma mwana wa eni analakwanji? Ndinatchula Mayani ndi bokosi la tchalitchi kumene mlongo wanga amapemphera.

Anadina batani limodzi, Mphunzi n'kuzimiririka. Minda ndinalima ija, maliro a kumeneko ndinakumba nawo manda aja, zonse zinatha mosavuta chomwecho. Zinandiwawa kuposa tsiku la thobwa lija, chifukwa pano panalibe ngakhale wonena kuti zikomo.

Ndinayamba kudzuka, koma mtsikanayo anali asanamalize.

"Dikirani kaye. Pali wachibale woti tingamudziwitse mutachita ngozi." Anawerenga dzina la mkazi wanga, lonse lathunthu, ndi la ubatizo lomwe. Kuchokera pa maliro ndinali ndisanamve munthu akulitchula mokweza. Kumudzi ankangoti malemu.

"Amenewa ndi akazi anu? Nawonso tiwalembe ku Mayani?"

Kumbuyo kwanga anthu anali atayamba kung'ung'udza kuti mdalayu akuchedwetsa mzere. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ayi mwanangu," ndinatero. "Amenewo asiyeni ku Mphunzi. Iwo sanasamuke."