Chitini cha Felesiya

Ndikukumbukira ndili Sitandade 3 ku Nambuma, m'kalasi momwe tinalimo ana ngati miliyoni. Ukayetsemula kumbuyo, wina amagwera panja. Ine ndinali ndi pakamwa. Mpaka pano ndili napo, koma nthawi imeneyo ndikanong'ona ankamva ku Nsaru.

Madamu Kachingwe sankakonda zongolemba pabolodi. Tsiku lina anati aliyense abwere ndi chitini, dothi ndi nyemba zitatu. Tinadzala, tinandanditsa zitini pakhonde, m'mawa uliwonse n'kumajambula zimene taona. Pasanathe sabata zinamera. Zanga zinkakula ngati akuzithamangitsa. Chitini chimodzi chokha ndicho sichinatulutse kanthu: cha Felesiya.

Felesiya anali wobwera, wa ku Phalombe. Bambo ake anali tenanti pa esiteti ya fodya kuseri kwa sukulu. Sankayankhulayankhula chifukwa tinkamuseka kayankhulidwe. Koma chitini chakecho ankachisamala ngati khanda: kuthirira m'mawa, pabuleki, poweruka.

Ndiye ine pabuleki ndinakwera pachulu.

"Anthuni, dzanja la Felesiya ndi lamankhwala! Akagwira nyemba imafa. Dzulo wagwira mbuzi, yauma pompo!"

Mbuziyo kunalibe. Koma anzanga anafa nalo phwete, ndipo kuyambira pamenepo palibe ankafuna kukhala naye pafupi, ngakhale kulandira pensulo yochokera m'manja mwake. Lachinayi sanabwere. Lachisanu sanabwerenso.

Madamu atamva anandiitana. Ndinkayembekeza mbama, koma anangondipatsa kamtengo.

"Iwe Yobu, wati ndi dzanja eti? Unaona ndi maso ako?"

"Anthu akutero, madamu."

"Anthu akewo ndiwe. Fukula."

Ndinafukula m'chitini cha Felesiya. Nyemba zinali phala, fungo lake ngakhale ntchentche zinathawa. Dothi linali matope okhaokha. Madamu anatembenuza chitini chija: chinalibe bowo pansi. Ife kunyumba anatiboolera ndi msomali. Iye palibe anamuuza.

"Mwina ndi madzi, mwina ayi," anatero madamu. "Tiyese tione."

Anandipatsa zitini ziwiri, china choboola, china chosaboola. Anati ndidzale ndi dzanja langa lomweli, ndizithirira katatu patsiku ngati Felesiya. Patatha sabata, choboola chinamera. M'chinacho nyemba zinaola.

"Nanga lakoli, nalonso ndi lamankhwala?"

Ndinatseka pakamwa, koyamba chibadwire.

Titaweruka ndinanyamula zitini zonse ziwiri kupita ku esiteti kuti Felesiya akadzionere yekha. Ndinapeza chitseko chawo chomanga ndi luzi, mayi wina akusesa m'chigafa chopanda tsamba ndi limodzi lomwe.

"Kodi ukufuna a ku Phalombe aja? Fodya watha, mwanawe. Akwera lole dzana. Kamtsikana kaja kanali katakana kale sukulu. Kamangokhala, manja atabisa m'nsalu."

Ndinaima pamenepo mpaka mayiwo anamaliza kusesa. Ndinalibe womupatsa zitini.

Chaka chino ndalemba Fomu 4, ndipo sayansi ndalakwa mochititsa manyazi fuko lonse. Koma ija ya madamu ndiye sinandichoke. Kufukula kunanditengera kamphindi kamodzi, ndipo kamtengo kanali paliponse, kungoti ine ndinayamba ndi kuyankhula. Tonse m'kalasi muja tinadziwa chimene chinapha nyemba. Amene sanadziwe ndi mwini wake yekha, ndipo kumene aliko mwina mpaka lero amaopa kudzala.