Nkhuku ya m'kabati ndi lipoti la Giredi 11

Ndikukumbukira m'mawa umene ndinabisa nkhuku yamoyo m'kabati ya Mayi Khumalo, aphunzitsi athu a masamu. Ndinali Giredi 11. Nkhukuyo ndinabwereka kwa mayi wina wogulitsa pafupi ndi Joubert Park kuno ku Joni, nditalonjeza kuti ibwerera ndi nthenga zake zonse. Mayi Khumalo atatsegula kabati kuti atenge choko, inawaulukira paphewa, n'kutera patebulo, n'kusiya siginecha yake pa rejisitala. Kalasi inaseka mpaka ena kugwa pamipando.

Masiku amenewo masamu sindinkafika ndi theka lomwe, koma sindinkadandaula. Bambo anga, telala wophunzira ku Mangochi, ankakonda kunena akupalasa makina kuti, "Mayeso enieni ndi omaliza, monga ife Folomu 4. Enawa n'kuyeserera chabe." Ine ndinamva kuti chaka chonsecho ndapatsidwa ulere.

Chilango changa chinali kukhala mu ofesi sabata yathunthu pa nthawi yopuma, kufotokopa mapepala ofunsira malo ku yunivesite a anzathu a matiriki, kalasi yomaliza ya Giredi 12. Makinawo ankatentha, akununkha ngati ayironi yoiwalidwa pa malaya. Tsiku lachitatu ndinaona kuti aliyense akubweretsa lipoti la chaka chatha. Ndinafunsa Thandeka, mtsikana amene ankatsogola matiriki yonse.

"Sisi, zakalezi mukuzifuniranji?"

"Wena, sukudziwa? Amayamba kutisankha ndi limeneli. Zotsatira za matiriki zikamatuluka, malo ambiri amakhala atalonjezedwa kale."

Iyeyo anadwala ali Giredi 11, mamakisi n'kutsika, ndipo kumene ankafuna udokotala anamuyankha kuti adikire kaye. Ndinayang'ana pepala lake, ndinaona kuti ngakhale lotsikalo likuposa langa kutali.

Mayi Khumalo anali pakhomo, akumva zonse. "Yusufu, lako la Disembala ndilo lidzapite. Munthu wotha kukhazika nkhuku chete theka la ola, aljebra ingamukanike?"

Nditawafotokozera bambo, anaimitsa makina. "Ndiye Joni yakeyi, munthu amamuweruza asanalembe?" Kenako anachotsa nsalu pakona ya tebulo lodulira, kuti pakwane mabuku anga. Miyezi isanu ndi umodzi ndinawerengera pamenepo, ulusi ukumatirira m'makope.

Lipoti la Disembala silinali lodabwitsa dziko, koma linakwera mokwanira. Mwezi watha yunivesite yandilembera kuti malo andisungira, bola matiriki ndisaigwetse.

Tsopano ndikudziwa kuti kuno amayamba kukuwerengera iwe ukuyesa mpira sunayambe. Koma wina asayembekeze kuti ndipepesa za nkhuku. Popanda iyo sindikanalowa mu ofesi muja, ndipo ndikanazindikira zitseko zitatsekedwa. Mwini wake ndinam'bwezera itaperewera nthenga ziwiri zakumchira. Mayi Khumalo mpaka lero amayamba agogoda pa kabati asanatsegule, akuyang'ana ine.