Ndamasula masokosi a Tadala

Mayi a Tadala, chiperoni chayambanso kuno ku esiteti, chachiwiri chichokereni inu. Mwana akutsokomola, mapazi ake kuzizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndakumbuka Lamulungu lija munamasula juzi ya pakaunjika, ine nditatambasula manja, inu mukukulunga ulusi woti mumulukire masokosi. Zolukira zake anali masipoko a njinga, ndinakunolerani pamwala ndine. Ndinati, "Bwanji osangogula?" Munaseka, amvekere, "Bambo a Tadala, wogulitsayo phazi la mwana wanga analiona kuti?"

Masokosi aja anayamba kumuthina. Dzulo ndinati ndimasule sokosi imodzi kuzala kokha ndiwonjezere ulusi, poti ndinkakuonani mukuchita. Kungokoka kamodzi, inamasuka mpaka kuchidendene. Ndinamasulanso inzake kuti ndione mmene munkapotolera, nayonso chimodzimodzi. Manja angawa amangodziwa chikwanje chodulira tiyi basi. Anzanu othyola nawo tiyi akuti amulukira ena, koma amenewo sadzakhala anu. Mmawa uno wandifunsa, "Adadi, masokosi a amama ali kuti?" Ndamunamiza kuti sanaume. Mawa afunsanso, ndipo chimene ndili nacho ndi ulusi m'jumbo. Ndimuuze chiyani, mayi?