Mbale ya Alamu Anga

Ntchito yanga yoyamba ku Indianapolis inali yotsuka mbale pa lesitilanti ya anthu a ku Indonesia, pa msewu wa Lafayette. Mwini wake anali mayi wamfupi, waukali, amene tonse tinkawatchula kuti Ibu, ndiye kuti mayi m'chilankhulo chawo. Amuna awo ankaphika, iwo ankakalipa. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale ndipo ndine munthu wamanyazi, choncho ku sinki kunkandiyenera chifukwa kunalibe wondiyang'ana kumaso. Vuto linali mwana. Ku sinki mwana saloledwa, ndipo wotsuka mbale ndiye amatuluka pomaliza. Mwana wanga wamkazi anali asanakwanitse zaka zitatu. Ndinkamusiya kwa mayi wina woyandikana nafe amene ankamutsekera m'chipinda ndi TV tsiku lonse.

Nthawi yozizira ina makasitomala anachepa kwambiri, Ibu n'kuganiza zolowa m'maapu aja amene anthu amaitanitsira chakudya pa foni. Makampani anatumiza matabuleti, koma anangokhala m'makatoni pamwamba pa firiji, Ibu akuwaopa. Ine kumudzi, ku Ndirande, ndinkagulitsa kaunjika pa foni, ndiye kujambula chinthu kuti chioneke bwino ndinkakudziwa. Tsiku lina Ibu anandipeza ndikujambula mbale ya sate, nyama yowotcha pa timitengo yokhala ndi msuzi wa nsinjiro, kuti nditumizire mng'ono wanga. Anandilanda foni, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Mawa usapite ku sinki," anatero. "Utsegule makatoni aja. Zikakanika, ndi iweyo."

Ndinajambula chakudya chilichonse pafupi ndi windo, mmawa kuwala kuli bwino. Mayina ndinkakopera chilembo chimodzichimodzi kuchokera pa menyu, chifukwa sindinkatha kuwatchula. Zina ndinaphunzira makasitomala atadandaula. Soto, supu wawo wa nkhuku, ukaika pamodzi ndi manudozi amakafika ali phala, ndiye msuzi ndinkauika m'kontena yakeyake. Krupuk, tinthu tokhukhuluza tija timene amadyera ndi mpunga, tikakhala pafupi ndi chotentha timafewa. Chikwama chilichonse ndinkachimata ndi sitika kuti kasitomala adziwe kuti sichinatsegulidwe panjira. Khitchini ikadzaza ndinkaimitsa maoda kwa kanthawi, nyama ikatha ndinkaichotsa pa apu. Makasitomala ankatipatsa nyenyezi, ndipo malo a nyenyezi zambiri ndi amene apu imaonetsa poyamba.

Malipiro sanasinthe. Chimene ndinapeza ndi mpando kuseri kwa kauntala, ndi kangodya kamene Ibu anandilola kuyala chitenje kuti mwana azikhala ndi makrayoni ake. Ndinkamugwira mutu ndi dzanja limodzi, lina likulandira oda.

Kenako kunabwera alamu anga, achimwene awo aakulu a amuna anga. Titangofika ku America tinakhala kwawo ku South Bend, m'chipinda cha pansi pa nyumba. Akazi awo ndi amene anandiphunzitsa kukwera basi ndipo anandipatsa jekete yanga yoyamba, yofiirira, yofika m'mawondo. Alamuwo ankasamalira okalamba mkati mwa sabata, koma atamva kuti ku Indianapolis maoda ndi ambiri anayamba kubwera Lachisanu lililonse kudzadeliva chakudya kwa makasitomala, n'kumagona pa sofa yathu. Apu imapereka oda kwa dalaivala amene ali pafupi, ndiye iwo ankaimika galimoto pakhomo penipeni pa lesitilanti.

Tsiku loyamba analowa akuseka.

"Alamu! Ndiye mwakwezedwa eti? Bwana wa makompyuta!"

"Ayi alamu, ndikungothandizako."

Chikwama chawo chinali chokonzeka pa kauntala. Sanachigwire. Anakoka mpando n'kukhala.

"Kodi kwanuko mlendo amangonunkhiza?"

Kwathu, wachibale wamkulu akakupeza pamene pali chakudya sumupatsa katundu m'manja n'kumuuza kuti azipita. Umamupatsa mpando, madzi osamba m'manja, n'kumuikira mbale. Antchito tonse tinkalandira mbale imodzi masana. Ndinatenga yanga, mpunga wokazinga wokhala ndi dzira pamwamba, n'kuwapatsa ndi manja awiri, bondo litapindika. Ibu ankayang'ana ali pa chitseko cha khitchini. Alamu anadya mosafulumira, akundifunsa za amayi kumudzi, chikwama chija chikuzizira pambali pawo.

Zinakhala choncho mapeto a sabata iliyonse. Anali ndi mafoni awiri, ndipo akadya ankadikira kuti foni inayo ilirenso kuti anyamule zikwama zambiri ulendo umodzi. Ine ndinkaona pa tabuleti kagalimoto kawo kakupita kumpoto pamene kasitomala ali kumwera. Madandaulo anayamba kubwera: chakudya chozizira, chakudya chochedwa. Kasitomala sadziwa za dalaivala, amachotsa nyenyezi kwa ife.

"M'bale wako uja," anatero Ibu, akugogoda tabuleti ndi chikhadabo. "Kodi pano ndi pa nyumba ya amayi ake?"

"Pepani, Ibu."

"Pepani, pepani. Pepani amatenthetsa mpunga?"

Ndinayamba ndi njira ya kwathu. Mkazi sadzudzula alamu ake aakulu, amadzera kwa mwamuna wake. Amuna anga anamvetsera akumanga nsapato, akupita ku shifiti yawo ku chipatala.

"Ukufuna ndikawauze achimwene kuti asamadye? Munthu amene anatisunga?"

"Sindinati asamadye. Adye akabwerako."

"Iwe, mbale imodzi ya mpunga ikupweteka chonchi?"

"Ndi mbale yanga. Ine ndimakhala ndi njala."

"Ndiye uzitenga buledi," anatero, n'kutuluka.

Ndinayesa njira ina. Loweruka lotsatira ndinawaikira chakudya chawo m'kontena, ndi supuni, n'kuchiika pamwamba pa chikwama cha kasitomala. Anachiyang'ana ngati ndawapatsa chonyansa.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndimati mudyere m'galimoto alamu, mukapereka."

"Kamba wa paulendo? Mukundithamangitsa, alamu? Inu amene munafika kwanga ndi kachikwama kamodzi, osadziwa ndi kuyatsa shawa komwe?"

Ananena mokweza, m'Chichewa, koma madalaivala ena awiri amene ankadikira anamva kuti ndi mkangano ndipo anaseka. Ine ndinayang'ana pansi. Alamu anatsegula kontena ija, n'kukhala pa mpando wawo uja, n'kudya pang'onopang'ono kuposa masiku onse.

Mwezi wa Meyi, sabata ya mpikisano wa magalimoto ku Speedway, mzinda wonse unadzaza ndipo matabuleti ankalira osapuma. Loweruka masana kunabwera oda yaikulu ya manesi a pa chipatala china m'tauni. Inagwera alamu. Anadya kaye, anadikira foni inayo, kenako anakakodwa m'misewu yotsekedwa. Manesi analandira chakudya nthawi yawo yopuma itatha kalekale, soto itatayikira pa mpunga. Anatumiza chithunzi ndi nyenyezi imodzi, ndipo anzawo a pa wodi anawonjezera zawo. Pofika Lolemba tinali titatsika pa apu mpaka kumunsi kumene munthu safikako akamafufuza chakudya.

Ibu sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kwambiri. Anatsitsa makatoni aja pa firiji n'kuwaika pafupi ndi phazi langa.

"Zikachitikanso Loweruka lino, matabuleti abwerera umu. Iwe ubwerera ku sinki." Analoza mwana ndi chibwano. "Ndipo uyu ku sinki sapitako."

Panali chinthu chimene Ibu sankachidziwa. Pa tabuleti, ukatsegula oda yakale n'kudina dzina la dalaivala, pansi pake pamabwera mawu ofunsa ngati ukufuna kumubuloka kuti asadzalandirenso maoda a lesitilanti yako. Ndinali nditawaona kale mawuwo nthawi imene ndinkaphunzira. Lachinayi masana, kulibe kasitomala, mwana akugona pa chitenje, ndinatsegula oda ya manesi ija. Chithunzi cha alamu chinali pomwepo, atavala tayi ya ku tchalitchi. Ndinadina. Ndinapita pa tabuleti ina, n'kudinanso.

Loweruka alamu anaimika galimoto pamalo pawo. Ndinkawaona pa windo. Madalaivala ena ankafika, kutenga zikwama, n'kumapita. Alamu anazimitsa foni n'kuiyatsanso, anatuluka n'kuikweza m'mwamba ngati akufuna netiweki kumudzi. Dalaivala wina wa ku Congo anaima nawo, anayang'ana foni yawo, n'kuloza lesitilanti. Alamu analowa.

"Alamu, mwandibuloka?"

 Ndinavomera ndi mutu.

"Ndi mayi uyu wakutumani?"

"Ayi. Ndine ndekha."

"Inu? Inu amene?" Anaseka, koma maso sanaseke. "Galu amene ndinamulera wandiluma."

"Chakudya chanu chilipo, alamu. Khalani mudye. Lero palibe chikwama chodikira."

Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera. Ndinali nditaikadi mbale yanga pambali, yovundikira. Anaiyang'ana, anayang'ana mwana, n'kutuluka. Anamenyetsa chitseko mpaka kabelu kake kanagwa. Ibu anatola kabeluko, anandiyang'ana, n'kubweza makatoni pamwamba pa firiji. Sananene zikomo. Anangoti krupuk yatsala pang'ono, ndiichotse pa apu.

Alamu sanagonenso pa sofa yathu. Amuna anga anakhala masiku osandilankhula kupatula kufunsa makiyi. Ku South Bend nkhani inafika kwa amayi a ku tchalitchi isanafike kwa ine, ndipo inafika ikuti ndinachotsetsa alamu anga ntchito chifukwa cha Amwenye. Ibu ndi amuna awo sanali Amwenye, ndipo alamu ntchito sanachotsedwe, amadelivabe malesitilanti ena onse a mumzinda uno. Palibe anandifunsa. Pa Khirisimasi alamu anaitana amuna anga ndi mwana okha. Akazi a alamu anatumiza uthenga kudzera kwa amuna anga womwewo kuti jekete yofiirira ija akuifuna, pali mtsikana wina wangofika kumene amene amadziwa kuthokoza.

Ndinaichapa, ndinasoka batani limene linali litagwedera, ndinaipinda bwinobwino. Chikwama chachikulu chimene ndinali nacho chinali cha ku ntchito, cha pepala. Ndinaiika mmenemo n'kumata sitika pakamwa pake, kuti adziwe kuti sichinatsegulidwe panjira.

Mwana sanapite ku South Bend. Tsiku limenelo lesitilanti inali yotsegula, ndipo iye anali pa chitenje chake kuseri kwa kauntala. Masana tinagawana mbale yanga, iye dzira, ine mpunga, ukadali wotentha.