Dzina Lokulungira Mandasi

Pa Lizulu palibe amene sadziwa mandasi a mayi Zelesi, koma kwa zaka makumi awiri panalibe amene ankadziwa kuwaitana bwino. Kuno kwathu mayi wamkulu saitanidwa ndi dzina la ubatizo ngati mwana wa Sande sukulu. Amaitanidwa ndi chiwongo cha bambo ake: aNaNgozo, aNaJere, aNaMaseko. A Zelesi chiwongo chotero analibe. Anthu ankangoti "aZimbabwe", iwo n'kuyankha akumwetulira, koma dzinalo linkawabaya mumtima tsiku ndi tsiku.

Anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe komweko. Bambo awo, a Lazarus, anachoka ku Ntcheu ali mnyamata n'kutchona. Kalaliki wa pafamupo analibe nthawi yomvetsera mayina. Aliyense wochokera ku Nyasalande ankamulemba Phiri, akatopa ndi Phiri n'kulemba Banda, ndipo a Lazarus anagwera pa Phiri. Sanali munthu wokamba za kwawo, ankangoti kwathu n'kozizira, mbatatesi n'njosayamba. Anamwalira a Zelesi ali ndi zaka khumi ndi zisanu.

Mafamu atasokonekera, a Zelesi anakwera basi ndi ana awo awiri kubwera kudzafuna abale. Anayenda midzi ingapo kufunsa kwa a Lazarus Phiri, ndipo paliponse ankawafunsa funso limodzi: "Phiri wake uti?" Nsapato zitatha, anakhazikika pa Lizulu n'kuyamba kukazinga mandasi. Anthu sanawazunze ayi. Ankawalemekeza kwambiri, ulemu womwe umapatsidwa kwa mlendo amene akuyembekezeka kunyamuka mawa.

Cholowa chokha chimene bambo awo anawasiyira chinali liwu limodzi. A Lazarus akapunthwa kapena akadzitema ndi chikwanje ankati, "Magwagwa!" A Zelesi anakula akudziwa kuti kumeneko n'kutukwana kwa anthu a m'mafamu. Mafuta otentha akawathovukira pamkono liwulo linkawapulumuka, kenako ankapepesa kwa Mulungu chamumtima. Mwana wawo wamkulu atayesa kulitchula tsiku lina, analawa chikoti.

Chaka chatha mphunzitsi wina wopuma ntchito atamwalira, ana ake anapatsa a Zelesi katoni ya mapepala akale kuti azikulungira mandasi. M'katonimo munali kabuku kopanda chikuto, kofiirira, kodyedwa ndi njenjete m'mphepete. A Zelesi sanakawerenge. Munthu amene ali ndi chiwaya pamoto sawerenga. Anangoyamba kung'amba tsamba ndi tsamba, ndipo sabata itatha theka la bukulo linali litapita ndi makasitomala.

M'mawa wina akupereka mandasi atatu okulungakulunga kwa a Rute, mnzawo wogulitsa mbatatesi pafupi nawo, maso awo anagwa pa liwu lolembedwa ndi zilembo zazikulu pamwamba pa tsamba. Anawatsomphola mandasi aja m'manja.

"Pepani aNaNgozo, ndikupatsani pepala lina. Taonani zimene amasindikiza anthu ophunzirawa."

A Rute anayang'ana pepala lija, n'kuyang'ana a Zelesi. "Cholakwika n'chiyani?"

"Kutukwanako. Bambo anga ankatero akapunthwa."

A Rute anaseka mpaka anakhala pa thumba la mbatatesi. Atapukuta misozi anati, "Kutukwana kwake kuti? Chimenechi n'chiwongo. Mngoni akapunthwa amaitana makolo ake kuti amugwire. Nanga zaka zonsezi mwakhala mukupepesa chiyani?"

A Zelesi sanaseke nawo. Anaiwala za moto, ndipo mandasi amene anali m'chiwaya anapserera onse.

Anatenga zotsala za bukulo kupita nazo kwa a Paison, mkulu wosoka nsapato kuseri kwa msika, amene anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni ndipo Chingoni amachimvako pang'ono. A Paison anavala magalasi awo omanga ndi ulusi, nawerenga pang'onopang'ono chala chili pamzere. Linali buku la ziwongo, zithokozo za mabanja ndi nyimbo za ngoma, Chingoni kumanzere, Chichewa kumanja. Atafika pamene masamba anathera, anavula magalasi aja.

"Mayi, ena ali kuti?"

"Ndinakulungira mandasi."

"Ndiye kuti mwadyetsa msika wonse makolo athu," anatero a Paison, ndipo sankaseka.

A Rute ndiwo anapeza nzeru, poti pakamwa pawo sipafuna chimkuzamawu. Analengeza mumsika monse kuti wobweza tsamba la bukulo alandira ndasi laulere. Masamba ena anali atakolezera mbaula, ena atapichirira fodya, ena anapita kumene sindingatchule. Komabe anabwera makumi awiri ndi atatu, onona mafuta, ena ochokera kutsidya kwa msewu ku Mozambique, kumene kulinso Angoni omwewa. Chodabwitsa n'chakuti obweretsawo sankachoka akalandira ndasi lawo. Aliyense ankafuna kumva zimene tsamba lake likunena.

Umu ndi mmene zinayambira kuti Lolemba lililonse masana, msika ukazizira, anthu azisonkhana pakhonde pa a Paison. Iwo ankawerenga, enawo n'kumatsutsa. Nkhalamba zinkati buku lalakwitsa apa, wolembayo ayenera kuti anafunsa munthu woledzera. Pa nyimbo ndiye pankakoma: buku linali ndi mawu koma lopanda maimbidwe, amayi achikulire anali ndi maimbidwe koma mawu anaiwala kalekale. Akaphatikiza ziwirizi nyimbo inkadzuka, ndipo a Paison ankaponda pansi ndi mwendo wawo wabwinowo. A Zelesi ankasunga masambawo m'pepala la pulasitiki pansi pa Baibulo. Zithokozo za a Magwagwa anaziloweza zonse, ngakhale lilime linkawakana. Koma panalibe amene anayamba kuwaitana ndi chiwongocho. Liwu la munthu wopunthwa si umboni, ndipo iwonso ankadziwa.

Lolemba lina kunabwera gogo wina wa ku Mlangeni, dzina lake a Janeti, amene anamva za msonkhanowu kwa ogula kabichi. Anakhala pambali osaimba nawo. Anthu atabalalika anakodola a Zelesi.

"Akuti bambo anu ankatchula Magwagwa. Anachoka liti kuno?"

"Sindidziwa chaka chake. Ankati anathawa atataya ng'ombe ya bambo awo."

"Chala chawo chaching'ono chinali bwanji?"

"Cha kumanzere chinali chopindika."

A Janeti anawayang'ana nthawi yaitali kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sanawagwire dzanja. Anangoti, "Ndamva," n'kunyamuka kukakwera minibasi.

Panadutsa masabata asanu ndi limodzi kuli zii. A Zelesi anaonda. Ankati mwina gogoyo anaona kuti ndi munthu wofuna munda, mwina ng'ombe ija sinaiwalikebe. Anadziuza kuti mandasi ndi ana awo n'zokwanira, koma basi iliyonse yochokera ku Mlangeni ikaima ankadzutsa mutu.

Uthenga unabwera Lachinayi m'mawa kudzera pa foni ya a Rute: ku Mlangeni kwagwa maliro, mayi wa mandasi uja abwere. Sananene kuti wamwalira ndani. A Zelesi anazimitsa moto, anavala chitenje chakuda, koma minibasi inachedwa kudzaza ndipo anafika dzuwa lili pamutu, nyimbo zitayamba kale. Sankadziwa aliyense. Anagwada kumapeto kwa gulu la amayi, pansi pa mtengo wa pichesi, napereka moni chapansipansi.

A Janeti anatuluka m'nyumba ya maliro maso ali psuu. Anadutsa pakati pa anthu mpaka anaima pamaso pawo.

"Iwe NaMagwagwa, nthawi ino ndiyo ukufika? Ukukhala kunja kuno ngati ndani?"

Chifikireni ku Malawi, palibe munthu wamkulu amene anawanenapo kuti iwe. A Zelesi anayamba kufotokoza za minibasi, koma gogoyo anawadula.

"Amene wagona umo ndi mng'ono wake wa Lazaro, mlongo wanga," anatero a Janeti. "Ndinamuuza za iwe ali pamphasa. Ankati akapezako bwino abwera yekha kudzakutenga, poti mwana satumiziridwa uthenga ngati mlendo. Dzuka. Lowa ukalire bambo ako."

A Zelesi anavula nsapato pakhomo. Amayi a m'nyumbamo anasendera kuwapatsa malo kumutu kwa bokosi, ndipo iwo anagwada, nalira munthu amene sanamuonepo, mokweza, mpaka mawu anasasa.