Nduna Yopanda Nkhope

Achimwene, lero ku Limbe andikulungira mandasi m'nyuzipepala yakale, ndipo nditayang'anitsitsa ndaona katuni yanu ija: nduna ikumwetsa galimoto yake mafuta, anthu ali pamzere ndi zigubu, koma ndunayo yopanda nkhope. Anthu mpaka pano amati akonzi a nyuzipepala ndiwo anakukakamizani kuifufuta. Ndiulule pamaso pa Mulungu kuti ndinali ine. Tsiku lija pakhonde ku Chitawira munandionetsa katuniyo mukuseka, mphuno ya ndunayo ndendende. Ine ndinagwada ndikulira, ndinati, "Muli ndi ana, adzabwera kudzakutengani." Inu munati, "Chemwali, nanga anthu adziwa bwanji amene akuwazunza?" Komabe munatenga labala.

Patha chaka chikuikireni m'manda, mizere ya mafuta ikadalipo, ndipo ondizunzawo ndikuwadziwa ndekha mumtima ngati wina aliyense. Zimandinyansa kuti ndinawathandiza kubisala popanda iwo kundiopseza n'komwe. Tsopano mwana wanu Tadala wayamba kujambula akuluakulu a boma m'makope ake a kusukulu, ndipo pakamwa panga payamba kale kuyabwa kuti ndimuletse. Ambuye andigwire lilime.